Mapesi a Edita

Edita, mwana wa a Gabrieli kuno ku Chiparamba, ndi mtsikana wa mawu ochepa. Ali wamng'ono akatumidwa mchere kwathu, ankangoima pakhomo mpaka ine nditulukire ndekha chimene wadzera. Ndiye nditamva kuti parishi yamusankha kupita ku Jeremani pa ulendo wosinthana achinyamata, ndinaseka. Ndinati azunguwo akamuyesa mtondo woiwalika pakhonde. Atsikana olongolola analipo ambiri, koma Chingerezi cha Giredi 12 chinali kwa iyeyu.

Anakhalako miyezi itatu. Anzake anawaika awiriawiri m'matauni, iye n'kugwera yekha kumudzi, kwa mayi wamasiye wokalamba amene Chingerezi sankachidziwa n'komwe. Kumeneko akuti umayenda msewu wonse popanda wokufunsa kuti wadzuka bwanji. Tsiku loyamba anataya khoko la nthochi m'bini ya mapepala, poti mabini anali anayi. Mayiyo anangolitola n'kuliika koyenera, ndipo Edita anakalira kuchipinda. Anadzandiuza yekha kuti sabata ziwiri zoyamba ankalakalaka ngakhale munthu womukalipira, bola m'Chinyanja.

Chinawagwirizanitsa ndi dimba. Mayi uja sankatentha kanthu. Udzu, masamba, zotsala za kukhitchini, zonse zinkabwerera m'nthaka. Tsiku lina kutatentha anagwira dzanja la Edita n'kulilowetsa pansi pa udzu wofolera nyemba. Dothi linali lozizira, lonyowa, nyongolotsi zili yakaliyakali. Alangizi athu a zaulimi akhala akutiuza zomwezi zaka ndi zaka ife n'kumangogwedeza mitu, koma mwanayu zinamulowa kudzera m'dzanja.

Atabwerako mu Ogasiti, anapatsidwa mpata wofotokoza za ulendo wake Misa itatha. Anayamba za nthaka, mawu ali pansipansi. Ife tinamudula. Wina anafunsa ngati mundege muli chimbudzi, wina ngati wapezako mwamuna wachizungu. Ine, Ketilina, mayi wamkulu ndithu, ndinafunsa kuti m'sutukesi watibweretsera chiyani. Anamwetulira n'kukhala pansi, ndipo za nthakazo zinathera pomwepo.

Kunyumba anapempha atate ake kamunda ka kumunsi, kamene mlongo wake Andireya ankakafuna kuti abzalemo thonje. A Gabrieli anati, "Ndikupatsa chaka chimodzi. Chimanga chikachita bwino m'zinyalala zakozo, munda ndi wako. Zikakanika, Andireya atenga, ndipo nkhani za ku Jeremani zithe pakhomo pano."

Kuyambira pamenepo tinkamuona yekhayekha, mtolo wa mapesi pamutu, akutola m'minda ya anthu asanatenthe. Anayala munda wonse, nawonjezera makoko a mtedza, natchinga ndi minga kuopa mbuzi ndi ng'ombe. Anzake amsinkhu wake anamusiya, akuti wayamba kudzimva. Kuchitsime tinkati mwana wa a Gabrieli wabwera ndi ulesi wachizungu, munda wausandutsa dzala. Palibe anapita kukamufunsa, ngakhale ineyo amene ndinamubereka kumsana ali khanda.

Mu Okutobala amayi ake a Edita, a Fainess, anagonekedwa m'chipatala ku Chipata, ndipo Edita anapita kukadwazika. Patapita sabata zitatu, mitambo inayamba kusonkhana. Tsono mphakati wathu, kagulu ka akhristu a m'mudzi muno, uli ndi mwambo umene timanyadira: pakhomo pakagwa matenda, timakasosa munda wa banjalo kuti mvula isawapeze m'thengo. Ndine ndinadzutsa nkhaniyo. Ndinati, "Amayi anzanga, kamunda ka mwana uja mwakaona? Tingamusiye achite manyazi?" A Gabrieli tsiku limenelo anali atapita kuchipatala ndi ufa, ndipo ife sitinaone chifukwa chodikira. Chifundo sichipempha chilolezo, tinatero.

Tinapita amayi khumi ndi awiri, m'mawa dzuwa lisanakwere. Tinachotsa minga, tinakokera mapesi m'milu, tikuimba. Tinadabwa ndithu kuti pansi pake khasu likulowa mosavuta mu Okutobala, koma tinangoti ndi dothi la kumunsi. Machesi ndinayatsa ndine. Pofika masana munda unali mbee, mizere itaundidwa bwino, yosiririka.

Edita anafika mawa lake pa minibasi, kudzatenga zovala za amayi ake. Tinamuperekeza kumunda tonse, tikumwemwetera, kuti akaone mphatso yake. Anaima pamalire nthawi yaitali. Anayang'ana phulusa, nayang'ana ife, chitenje chili m'manja akuchipotokola. Ine ndinaganiza kuti ndi chisangalalo, mpaka ndinamugwira paphewa.

A Gabrieli anabwera pambuyo pathu. Anaona mizere ija nati, "Basi, palibenso choyesa apa. Andireya akatenge mbewu ya thonje." Sananene mwankhanza ayi, anangonena monga mlimi amene waona munda wokonzeka. Mawu amenewo ndi amene ananditsegula m'mutu. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero.

Ndinkafuna atikalipire. Akanatitukwana, bwenzi titakangana, titapepesana, nkhani n'kutha. Koma mwana woleredwa bwino sakalipira amayi khumi ndi awiri amene amugwirira ntchito yaulere padzuwa. Edita anagwada paphulusa pomwepo, naomba m'manja, nati, "Zikomo amayi anga. Mwatopa chifukwa cha ine. Mulungu akudalitseni."

Amayi anzanga anayankha mokondwa, ena mpaka kululutira. Iye anadzuka, nasasa maondo, nauyamba wa kumsewu kukadikira minibasi yobwerera kuchipatala. Ndinamuitana kawiri, koma sanacheuke.