Zala za Mayi Tegwen Bebb

Ndinayamba ntchito pafakitale ya mapepala ya m'chigwa chathu mu 1961, mwamuna wanga atangomwalira kumene. Anandiika m'chipinda chosankhira mapepala, pafupi ndi Mayi Tegwen Bebb. Iwo analowa pafakitalepo ali ndi zaka khumi ndi zinayi, n'kuyamba ndi kudula mabatani pansanza, masiku amene mapepala ankapangidwa ndi zovala zakutha.

Ntchito yathu inali kuunika pepala lililonse powala ndi kuchotsa lothimbirira kapena lobowoka. Ine misozi inkangoti mbwembwembwe, moti mapepala oipa ambiri ankandidutsa. Mayi Bebb ankangokoka mulu wanga mwakachetechete n'kuubwereza.

"Lira ndithu, Nerys," ankatero, "koma uzilirira kumbali. Awa ndi a mabuku a nyimbo zakutchalitchi, eni ake akawanyowetsa okha ndi misozi yawo."

Maso awo anali akufa pang'onopang'ono, ndipo ankasankha ndi zala. Bwana watsopano wochokera ku England, Bambo Lathom, atazindikira zimenezi anabwera ndi kalata yowapumitsa ntchito.

"Amayi, simukuonanso. Kapumeni kunyumba."

"Zoona abwana, nkhope yanu sindikuiona, ndipo anzangawa akuti ndachita mwayi. Koma tagwirani ili."

Anawapatsira pepala la m'mawa womwewo. Bwanayo analiunika pawindo koma sanaone vuto.

"Pali kamzere apa," anatero Mayi Bebb. "Kanayamba dzulo, lero kakula. Nsalu yonyamula mapepala pamakina ikung'ambika. Kamuuzeni Idwal aimitse."

Idwal, woyendetsa makina, anang'ung'udza koma anaimitsa, n'kupezadi nsaluyo itatsala pang'ono kuduka. Bwana anabweza kalata m'thumba, makutu ali psuu. Mawa lake anawatumizira Mayi Bebb mpando wa khushoni.

Mayi Bebb anagwiranso ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, akundiphunzitsa zonse zimene ankadziwa. Popuma pantchito, anaumirira kuti ukapitawo wa chipindacho apatse ine, ngakhale panali ena akale kundiposa. Ntchito imeneyo ndi imene inalera ana anga awiri mpaka kumaliza sukulu.

Fakitale inatsekedwa mu 1983, lero m'nyumba zake mumagona alendo odzakwera mapiri. Mayi Bebb anamwalira chaka chotsatira. Ndinkawayendera Lachisanu lililonse nditanyamula timakeke tamphesa zouma. Ulendo womaliza anandikalipira kuti tiyi ndachepetsa masamba, komabe anamwa makapu awiri.