Mtondo Umene Atate Anang'amba

Fungo la mtedza wongosinjidwa kumene limandibwezera ku Chililalila, m'kanyumba kathu ka zipinda ziwiri, kumene ambuya, bambo awo a amayi, ankabwera kuchokera ku Petauke kudzadya nafe Isitala. Inkakhala nyengo yoti mvula yayamba kulekeza, m'mawa kukuzizira pang'ono, chimanga chachiwisi chikuthetheka pa mbaula iliyonse m'komboni, ndipo iwo ankatsika basi ndi thumba la mtedza paphewa, jekete yawo yakuda itayera ndi fumbi.

Ambuya ankadziwika ndi pemphero la pa chakudya. Sankathokoza Mulungu mongophatikiza ayi. Chilichonse cha patebulo ankachitchula pachokha, pamodzi ndi dzina la amene wachibweretsa. Mchere unali ndi mwini wake, tomato naye mwini wake. Pofika pa ameni msuzi unkakhala utazizira kalekale, ndipo chaka china mng'ono wanga anawodzera mpaka kuviika mphuno m'mbale. Atate okha ndiwo ankalikonda pempheroli, chifukwa nkhuku, mpunga ndi zakumwa zonse zinkathera pa dzina lawo, mkamwini wa ku mgodi. Ankamvetsera atatukumula chifuwa ngati tambala.

Kenaka mgodi unatsekedwa. Atate, amene ankaphwanya miyala pansi pa nthaka, anangokhala pakhomo, amayi n'kuyamba kugulitsa masamba kumsika. Isitala itayandikira atate anasowa mtendere. Njala sinkawaopsa kwenikweni. Chinkawadya mumtima n'chakuti pemphero lidzayamba mpaka kutha dzina lawo osamveka, pamaso pa apongozi awo ndi ife ana.

Loweruka amayi analawirira kumsika, atanena kuti akabwerako asinja mtedza wotendera chibwabwa, masamba a maungu aja, poti ndiwo za chikondwerero chaka chimenecho zinali zomwezo basi. Ambuya, amene anali atafika kale, anapita kukomboni ya Railways kukaona mnzawo wakale. Atate anasuzumira panja, n'kukokera mtondo kuchipinda, kutseka chitseko ndi kukweza wailesi. Ankafuna kupeputsa amayi, amene ankabwera madzulo miyendo itatupa, koma mwamuna kugwira munsi inali nkhani yoti komboni ikanaiseka mpaka Khirisimasi.

Vuto linali lakuti atate ankadziwa kamenyedwe kamodzi kokha, ka ku mgodi. Nyumba inkanjenjemera, makapu akulira m'kabati, mpaka Bana Mulenga, mayi woyandikana nafe, anafuula kufunsa ngati tayamba kugwetsa khoma. Kenaka kunamveka phwaa, n'kungoti zii. Mtondo umene ambuya anasema okha n'kupatsa amayi pa ukwati unali utang'ambika kuyambira kukamwa mpaka pakati. Atate anaumanga ndi waya, n'kuuvundikira chiguduli kuseri kwa chitseko, ndipo anatichenjeza kuti woulula adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. Amayi atabwera anaona nsinjiro, anaonanso chiguduli, n'kungopitiriza ntchito zawo. Madzulo ndinaona ambuya ataima pampanda ndi Bana Mulenga, mayiyo akusonyeza ndi manja mmene khoma linkagwedezekera.

Lamulungu titabwera kutchalitchi tinakhala patebulo, atate kumapeto, mutu uli pansi. Ambuya anathokoza chifukwa cha ufa ndi chibwabwa cha amayi, anyezi wa Bana Mulenga, madzi amene ine ndinatunga, ngakhalenso mtedza wa m'munda mwawo, osaiwala mvula imene inaumeretsa. Ndinatsegula diso limodzi n'kuona thukuta likutsika pamphumi pa atate. Zonse zinali zitatchulidwa, ndipo ndinawamvera chisoni moti njala inandithera.

Ambuya anatsokomola n'kupitiriza.

"Manje, Atate wakumwamba, pali nkhani ya mtondo. Uja mtondo ninasema ine, mtengo wolimba. Mwana wanga wasinjilamo zaka na zaka, osachita kanthu. Mkamwini wanga tsiku imodzi chabe, wang'amba. Tiyamika pa mphamvu zimene munamupatsa. Mugodi anatseka, koma manja yake sanatseke. Izi ndiwo tizadya lelo ni zake. Ameni."

Mng'ono wanga anaphulika ndi phwete, amayi anabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka. Atate anatsika pampando n'kugwada, kuyamba kupepesa za mtondo, koma ambuya anawadula pakamwa.

"Imwe, muganiza kumunzi anisinjila ndani kuchokela pamene mkazi wanga anamwalila? Nisinja neka. Koma nisinjila panja. Mu nyumba muzaononga simenti."

Atate anaseka mpaka kupukuta m'maso, ndipo sindikukhulupirira kuti misozi yonseyo inali ya kuseka. Tsiku limenelo anadya chibwabwa mbale ziwiri, akuuza amayi kuti nsinjiro yosinja katswiri imadziwika ndi kukoma.

Ambuya atabwerera ku Petauke anatitumizira pa basi mtondo wina, wonenepa moti anachita kuunyamula amuna awiri. Atate anauika pabwalo, poonekera msewu. Anzawo a ku mgodi ankaima n'kumawafunsa ngati agula kale chitenje, koma munsi unkangotsika. Sanalembedwenso ntchito mpaka imfa yawo, koma nsinjiro imene ankasinja, amayi n'kumakagulitsa kumsika m'timapepala, ndi imene inatiphunzitsa sukulu tonse. Lero munthu akandifunsa ntchito imene atate ankagwira, sindiyamba ndi za mgodi. Ndimanena kuti ankasinja mtedza.