Ambulansi pa munda wa amayi aakulu

Migowi itayamba kukula, masitolo akumera pamene kale tinkalima, akuluakulu a zaumoyo anaganiza zomanga malo oti ambulansi izigonapo, kuti munthu akadwala mwakayakaya isamachokere kutali. Atayendayenda, maso awo anagwera pa munda wa amayi anga aakulu, mkulu wawo wa amayi ondibereka. Mundawo uli m'mphepete mwa msewu, pamtunda pomwe madzi a mvula sakhalitsa, ndipo malo ena otero panalibe pafupi. Kwathu munda ndi wa akazi, choncho mawu omaliza anali a iwowo.

Akuluakulu aja anatuma ine kukawapempha, poti ndinali m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndipo ine ndi amayiwo timapemphera mpingo umodzi. Koma nanenso ndinali ndi mafunso anga. Kodi galimoto imafunanji kuti igone? Anandifotokozera kuti pafunika denga, thanki ya madzi otsukira m'kati mwake, kachipinda ka dalaivala ndi namwino, ndiponso bwalo loti itembenukirepo osabwerera cham'mbuyo. Ndinadabwa kumva kuti chachikulu pa zonsezi ndi kumene chipata chayang'ana. Pobwerera ndinkalingalira za amuna anayi a m'Malemba amene anasasula denga kuti atsitse wodwala pamaso pa Ambuye. Anayiwo timawatama, koma sindinamvepo mlaliki akufunsa kuti mtima wa mwininyumba unali bwanji poona denga lake likuphwasuka.

Amayi aakulu sanakane, sanavomerenso. Anati aone kaye. Masiku amenewo mwana wawo wamwamuna, yekhayo wotsala, anali atagonekedwa kuchipatala ndi chifuwa.

Tsiku lina m'mawa akuluakulu aja anabwera ndi ambulansi yeniyeni kudzayesa ngati ingatembenuke pamundapo. Uthenga woti akubwera sunatifike. Galimotoyo inkayenda pang'onopang'ono, yosaliza kanthu, n'kukhotera chakunyumba kwa amayi aakulu. Kwathu ambulansi ikafika choncho, mwakachetechete mpaka pakhomo, timadziwa chimene yanyamula. Mayi wina amene ankapeta nandolo anaponya lichero n'kuyamba kulira, ndipo kulirako kunafalikira khomo ndi khomo. Mmene ndinkafika ndili wefuwefu, anyamata anali atathyola kale masamba n'kuyala pamsewu, okwera njinga akutsika mwaulemu. Amayi aakulu anali atadzigwetsa padothi, akuitana mwana wawo m'Chilomwe, chinenero chimene masiku ano amangolankhula popemphera.

Dalaivala, bambo wa imvi zapatalipatali, anazindikira msanga. Anatsika n'kutsegula zitseko zakumbuyo zonse ziwiri. Munalibe munthu, munali zikhomo ndi chingwe choyezera malo. Wina anaimba foni kuchipatala, ndipo mwana wawo wodwala uja anayankha yekha, akudandaula kuti phala lamufika lopanda shuga. Anthu anaseka mwamanyazi, anyamata akutola masamba awo.

Ine ndinati nkhani ya malo yathera pomwepa. Ndinangoti chamumtima, Ambuye, Inu amene mumatembenuza mitima ngati madzi a m'ngalande, ndasowa chonena.

Amayi aakulu anadzuka, n'kusansa chitenje, n'kunena kuti akufuna kuona m'katimo. Tinawagwira mkono pokwera. Anasisita kabedi, anakoka malamba ake, anagogoda botolo la mpweya n'kufunsa ngati mpweyawo umatha. Nanenso ndinasuzumira, pakuti ndinali ndisanaonepo m'kati mwa ambulansi wopanda misozi m'maso. Munali mwaudongo, monunkhira mankhwala.

"Bambo, imeneyi imanyamula amoyo kapena akufa?" amayi aakulu anamufunsa dalaivala uja.

"Iyi ndi ya amoyo, agogo. Koma ndisakunamizeni, ena amatisiya panjira."

Amayi aakulu anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa muyeso wosabera. Atatsika anauza akuluakulu aja kuti chipata chiyang'ane kumsewu, osati kukhomo kwawo. Akuluakuluwo anati n'zimene iwonso ankafuna. Kenaka amayiwo anatembenukira kwa dalaivala.

"Ndipo inu mukamabwerera kudzagona, muziliza hutala mukadali patali. Ndisamafe tsiku ndi tsiku."

Dalaivala anavula chipewa n'kulonjeza kuti adzauza ndi anzake omwe. Amayi aakulu anatsogola kulowa m'mundamo, ife tikutsatira ndi zikhomo, ndipo anasonyeza ndi phazi pokhomera choyamba.