Matailosi Oyera a Nyumba ya Felesiya

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene nandolo wathu anagulidwa pa mtengo wachipongwe ku Migowi. Chaka chonse tinalima, ine ndi mkazi wanga Felesiya, koma zimene tinapeza zinalowa m'thumba la malaya popanda kulitupitsa. Pobwerera ndinkakankha njinga yopanda katundu, iye akubwera pambuyo. Tisanafike pamlatho ndinamuuza kuti ndipita. Sanakane, sanavomere. Anangofunsa kuti, "Mukagwira ntchito yanji kumeneko, poti inu ndi khasu basi?" Ndinati ndikaiona komweko.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Chiringa, koma nyumba ndinamanga kwawo kwa Felesiya, m'munsi mwa phiri. Inali ya njerwa zootcha ndi malata, koma pansi panali pozira. Loweruka lililonse Felesiya ankagwada ndi dothi lakuda n'kumazira, mwana wathu Tadala ali kumsana. Ponyamuka ndinalonjeza kuti ndikakhala zaka ziwiri. Zinakwana zisanu ndi zinayi.

Ku Joni anandilemba ntchito ndi bambo wina wa ku Mozambique, woika matailosi m'nyumba za anthu. Ndinayamba ndi kunyamula mabokosi, kenako kusakaniza simenti, mpaka ndinadziwa kuika ndekha. Ntchito ndinaidziwa, izo sindibisa. Ndikaika pansi, mutha kugubuduza dzira kuchokera pakhomo mpaka kukhitchini osakhota. Tinkagona anthu asanu m'chipinda chimodzi, aliyense ndi foni yake kumaso. Anthu amaganiza kuti kusungulumwa kumapweteka. Kwanga sikunkapweteka, kunali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, ukachita dzanzi. Mapepala anga sanali olongosoka, ndiye kubwera kudzacheza kunali kutaya ntchito. Ndinkadziuza choncho, ndipo theka lake linali loona.

Zaka zoyamba tinkacheza zambiri pa foni: mvula, mbuzi, mano a Tadala. Kenako nkhani zinayamba kuuma. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, iye n'kuyankha kuti zafika, zikomo. Tikatero tinkangomverana kupuma. Tsiku lina, pofuna chonena, ndinati, "Amake Tadala, nyumba ija tiikemo matailosi. Musiye kugwada."

Pamenepo tinapeza nkhani, ndipo inatisunga zaka zisanu. Funso linali limodzi: tikagule kuti? Ku Joni anali otsika mtengo, koma anyamata onyamula katundu pa malole amafikitsa theka ali zidutswa. Ku Limbe masitolo ndi ambiri ndipo umasankha, koma minibasi sikonda katundu wolemera, kondakitala amakuyang'ana ngati wakwera ndi mtembo. Ku Migowi kunali hadiweya imene inkabweretsa mabokosi ochepa, lero alipo, mawa kulibe. Felesiya anati, "Tizigula monga tinagulira malata. Likapezeka bokosi, ndagula. Pang'onopang'ono ndi mtolo."

Apa ndiyenera kudziulula. Malata ungagule limodzi chaka chino, lina chaka chamawa, onse akagona padenga bwinobwino. Matailosi satero. Amafunika kugula tsiku limodzi, sitolo imodzi, nambala ya pabokosi ikhale yofanana, apo ayi amasiyana maonekedwe ngakhale dzina lili lomwelo. Izi ndinkazidziwa kuposa dzina langa. Koma ndinangoti, "Oyera basi, muzigula oyera." Tikanagula onse pakamodzi, nkhani ikanatha, ndipo ine ndikanafunika kubwera kudzawaika.

Anandibweza ndi mawondo. Zaka zogwada pa simenti zinawadya, ndipo bwana wanga anayamba kutenga achinyamata. Ndinakwera basi, ndinatsika ku Blantyre, minibasi mpaka ku Migowi, kenako kabaza. Phiri linali pomwe ndinalisiya, koma linali ndi zipsera zoyera m'mene munadutsa madzi. Ndinkayembekeza kuti mtima ugunda ndikaona denga lathu. Sunagunde. Ndinafunsa wakabaza ngati akudziwa kwa a Makwinja, ndilo dzina langa, iye anati ayi. Nditatchula Felesiya anati, "Oo, kwa mayi a tomato aja? Mukanatero kale."

Anandilandira bwino, ndisanamize munthu. Achibale ake anabwera, nkhuku inafa. Tadala, amene ndinamusiya kumsana, anali mtsikana wa sitandade 5. Anagwada patali n'kundipatsa moni ngati ndine mlendo wa kumpingo. Felesiya anali atanenepa pang'ono, ali ndi njinga yakeyake ndi dimba la tomato kudambo. Anandiyalira kuchipinda, iye n'kumakagona kwa Tadala, ati ali ndi chifuwa, asandipatsire. Chifuwacho sindinachimve akutsokomola.

Tsiku lachitatu ndinatulutsa mabokosi onse pabwalo n'kuwatsegula padzuwa. Anali oyeradi, koma kuyera kwake kunali kwa mitundumitundu: kwa mkaka, kwa mpunga, kwina kopita kobiriwira, kwina kwa mizeremizere. Ena anali aakulu, ena aang'ono. Ndinapsa mtima, ngakhale ndinkadziwa mwini wake wa mlanduwo.

"Kodi maso munalibe? Awa ndi awa akufanana pati?"

Felesiya sanakweze mawu. Anabwera n'kuyamba kuloza ndi phazi. "Awa ndi a ku Migowi, chaka chimene amayi anamwalira. Awa ndi a ku Limbe, ndinapita ndekha, anandilipiritsa mipando iwiri. Awa a matope m'mbaliwa ndi amene ndinawasenza kupita nawo kutchalitchi chaka cha napolo, madzi atalowa m'nyumba. Awa ndi a pa boma, ndinagula tsiku lotuluka m'chipatala."

"M'chipatala? Ankadwala ndani?"

"Ine. Anandichita opaleshoni ya m'mimba."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munaimba sabata imeneyo, abambo a Tadala. Munafunsa ngati ku Migowi abweretsa ena."

Ndinafuna kumva chisoni, ndinachifunafuna m'kati mwanga ngati munthu wofufuza machesi m'thumba, koma sindinachipeze. Ndinangokumbuka kuti chaka cha napolo, nditamva kuti onse ali moyo, funso langa lachiwiri linali la mabokosi. Ndinawerama n'kuyamba kuwasanja.

Ntchito ndinaigwira mwaluso. Ndinathira simenti pansi ponse, ndinadikira iume. A mkaka ndinawaika pabalaza, a mizere kuchipinda, aang'ono ndinawadula n'kuzunguliza m'mbali ngati mkanda, moti munthu wosadziwa ankati ndinachita dala. Anthu ankabwera kudzasuzumira pazenera. Masana Felesiya ankabweretsa chakudya m'mbale zovindikira, n'kuika pakhonde pamodzi ndi madzi osamba m'manja, n'kunena kuti, "Pumulani kaye." Iye ndi Tadala ankadyera kukhitchini. Ndinadya choncho masiku ambiri ndisanazindikire kuti umu ndi mmene timadyetsera amisiri.

Pakhomopo panalibe chimene chinkandidikira. Denga likadontha, ankadziwa woitana. Mbewu ankadziwa kogula, mitengo ya kumsika ankaidziwa kuposa ine, Tadala akafuna cholembera ankapita kwa mayi ake ngakhale ine ndili pomwepo. Palibe amene ankandida. Ndikanakonda akanandida, chifukwa munthu wokuda umadziwa poyambira kumupepesa. Changa pakhomopo chinali chimodzi, kuika matailosi, ndipo tsiku lililonse ndinkachichepetsa ndi manja anga omwe.

Patatsala kona imodzi kuseri kwa chitseko cha pabalaza, ndinachita chinthu chachibwana. Ndinatenga matailosi asanu ndi limodzi omaliza n'kukawabisa pansi pa matumba a chimanga. Kenako ndinauza Felesiya kuti aperewera.

"Aperewera? Ndimayesa munati akwana."

"Ena anasweka podula. Ndiyenera kupeza ofanana nawo."

Ndinayamba maulendo, kachidutswa kali m'thumba. Ku Migowi mwini hadiweya anakatembenuza n'kunena kuti mtundu umenewo anasiya kalekale. Pa boma anati ndiyese ku Limbe. Ku Limbe ndinalowa sitolo ndi sitolo, anyamata akundionetsa ena okongola kuposa anga, ine n'kumapukusa mutu ngati munthu wovuta kumusangalatsa. Wina anandiuza mosabisa kuti, "Bwana, amenewa simuwapezanso, fakitale inasintha." Ndinamuthokoza kwambiri mpaka anadabwa. Ndinkabwerera madzulo n'kufotokoza za ulendo wonse, mitengo, masitolo, ndani ali ndi chiyani. Felesiya ankamvetsera akusankha tomato. Tinali titabwerera ku nkhani yathu yakale, kungoti tsopano popanda foni.

Panatha miyezi iwiri. M'mawa wina ndikuchokera kosamba ndinapeza matailosi asanu ndi limodzi aja ali pakona paja, otsukidwa bwino, osanjidwa limodzi pamwamba pa linzake. Felesiya anali atapita ndi chimanga kuchigayo dzulo lake. Anaima pakhomo, manja ali m'chitenje.

"Malizani, abambo a Tadala," anatero. "Ndalama za minibasi zikungopita. Munthu sakhala pakhomo chifukwa cha matailosi. Ngati mukukhala, kaonaneni ndi amalume akuonetseni polima, mvula ili pafupi. Ngati mukubwerera, mundiuze, ndikukazingireni mtedza wa panjira. Zonse ziwiri ine ndilibe nazo mlandu."

Sananene mokwiya. Ananena ngati mmene amafunsira wogula kuti atenga mulu uti.

Ndinasakaniza simenti n'kuwaika tsiku lomwelo. Inali ntchito ya ola limodzi. Nditatha ndinapukuta pansi ponse, ndinatsuka zipangizo, ndinakhala pakhonde. Yankho linali losavuta, mawu amodzi okha, ndipo ndinkadziwa limene munthu wanzeru akananena. Ndinkafuna ndimve kaye kanthu, kaya kufuna kukhala, kaya kufuna kupita, kuti ndisamunamizenso. Tsiku linapita. Tsiku lachiwiri ndinaona amalume ake akudutsa pamsewu ndi khasu, ndinawapatsa moni, iwo anayankha, n'kupitirira.

Tsiku lachitatu masana ndinamva fungo kuchokera kukhitchini. Ndinapita n'kuima pakhomo. Felesiya anali atakhala pansi, akutakasa mtedza m'chiwaya, utsi ukumulowa m'maso.

"Sindinanene kuti ndikupita," ndinatero.

Sanatukule mutu. "Simunanenenso kuti mukukhala."

Anawaza madzi a mchere, chiwaya chinalira, n'kupitiriza kutakasa. Kenako anatuma Tadala kuti akatenge kathumba ka pulasitiki m'nyumba, n'kumukumbutsa kuti avule nsapato polowa, angadetse pansi.