Mwana wa Ba Chemist

Ku Kafue Estates atate anga ankadziwika kuti ba Chemist. Anagwira ntchito zaka zambiri ku fakitale ya feteleza, ndipo ankabwera kunyumba atavala jasi loyera. Ntchito yawo yeniyeni inali yosoka matumba. Amayi ankadziwa, inenso ndinkadziwa, koma pakhomo pathu panalibe woyerekeza kuzitchula.

Ndili giredi 12 sayansi inandikhala pakhosi. Masamu a chemistry, aja olinganiza mbali ziwiri, ndinkangolemba mwamwayi. M'nyumba yoyandikana nafe munali bambo wina amene anagwiradi ntchito mu labu ya fakitale yomweyo, ndipo ankathandiza ana a anthu homuweki ulere. Atate ankadana naye koopsa.

"Mwana wa chemist ayende kupempha nzelu pa next door? Bantu bazakamba chani? Leta kuno buku."

Ndikabweretsa bukulo, ankati mutu ukuwawa. Tsiku lina maso, tsiku lina ati ndaimirira mwamwano. Mayeso oyeserera ndinalakwa, iwo n'kundikalipira kuti ndinatengera umbuli wa kwa amayi. Apo m'pamene ndinauma mtima. Ndinadana nawo, ndisabise.

Loweruka lina masana atate anali pansi pa mtengo wa mango akusewera nsolo ndi anzawo opuma pantchito, bambo wa mu labu uja ali pomwepo. Ndinagwada mwaulemu wonse, ulemu wanjiru, n'kuwapatsa kope.

"Ba daddy, nithandizeniko. Iyi ni ammonia, yamene munali kupanga ku nchito. Niikepo manamba bwanji?"

"Magalasi nasiya mu nyumba."

"Nabwela nayo."

Anavala. Anayang'ana zilembozo nthawi yaitali, chala chikuyenda papepala ngati akusankha mpunga. Masewera anaima. Wina anatsokomola, wina anayamba kusanjasanja timiyala take. Bambo wa mu labu anayang'ana kumbali, ndipo chifundo chakecho chinawapweteka atate kuposa kusekedwa.

"Yenda," anatero osandiyang'ana. "Yenda kwamene ufuna."

Ndinapita kwa bambo wa mu labu tsiku lomwelo. Funso limene linandizunza chaka chonse, bamboyo anandimasulira tiyi wake asanazizire. Ndinabwerako nditapsa mtima kuposa kale, poganizira miyezi yonse imene ndinataya chifukwa cha dzina labodza.

Atate sanapitenso ku nsolo. Ankangokhala pakhonde ndi wailesi, ndipo tikakumana pakhomo aliyense ankapatuka. Amayi anati ndikapepese. Ndinayankha kuti ayambe ndi atatewo.

Zotsatira zitatuluka, ndinali nditakhoza sayansi kuposa maphunziro ena onse. Ndinawapititsira atate pepalalo ndi manja awiri, mumtima ndikuti mwina apa tiyankhulana ngati munthu ndi mwana wake. Sanalilandire.

"Peleka pa next door," anatero. "Ndiye kwamene kuli batate bako."