Kadzidzi wa mumtengo wa mango uja

Amayi, lero foni yanditulutsira chithunzi chanu chija cha kadzidzi. Tinali titangosamukira kumene ku Khombedza, inu muli mphunzitsi wachilendo wochokera ku Thyolo. Tsiku lina masana kadzidzi anatera mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu, aneba n'kukhamukirako ndi miyala. Bambo wina anati, "Aphunzitsi, patukani, mbalameyi ikuitana maliro." Ine ndinaima pakhomo, kuopa kuti mawa lake akutchulani mfiti. Inu munakaima pansi pa mtengowo, manja ali choko chokhachokha, n'kumujambula mwachifatse ndi foni yanu. Kenako munakulitsa chithunzicho n'kuwaonetsa. "Taonani nkhope yoyerayi," munatero. "Mtundu uwu ndiwo anthu a kuno akadaupempherera, chakudya chake ndi makoswe." Munatola timibulu ta ubweya tomwe ankalavula pansipo, n'kutiphwanya ndi kamtengo. M'kati munali timafupa ta makoswe tokhatokha. "Awa ndi aja akukutherani chimanga m'nkhokwe." Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi.

Chaka chimenecho pamzere wathu wonse wa nyumba za aphunzitsi sipanagwe maliro, ndipo inu munakhala nafe zaka zina zambiri musanatisiye chaka chathachi. Sabata yatha kadzidzi wina anatera padenga la kalasi yomwe ndimaphunzitsa, ana n'kuyamba kutola miyala. Ndinatulutsa foni n'kukaima pansi pake ngati momwe munachitira inu tsiku lija. Palibe mwala unaponyedwa. Ndine mwana wanu ndithu, Amayi. Usani mumtendere.