Nyumba ya ku Dedza Imene Sagonamo

A Augustine Dzonzi anamangira anthu a ku London nyumba kwa zaka makumi atatu, eni ake akugona m'kachipinda ka lendi pamwamba pa butchala ku Barking. Anathawa ku Malawi ali mnyamata, masiku amene munthu ankasowa chifukwa choyasamula pamsonkhano wa chipani. Kuno anayala njerwa mpaka mawondo anakana. Pokwera kuchipinda kwawo ankapuma kawiri.

Dzina lawo linakhala pamndandanda wa nyumba za khonsolo zaka khumi ndi chimodzi. Kenaka kunabwera makina osindikiza makoma, chimpope choyenda chokha chikulavula konkire mizeremizere, khoma n'kumakwera popanda dzanja la munthu. Nyumba zake zinali zotchipa, zopanda masitepe, ndipo imodzi inagwera a Dzonzi. Chinatsala n'kusaina basi.

Tsikulo anavala suti. Stephanie, mtsikana wa ku ofesi ya nyumba, anawaonetsa chipinda ndi bafa. Koma mmisiri sangaone ntchito ya wina osaigogoda.

"Ili ndi khoma kapena phala louma?" anatero a Dzonzi, akutulutsa chithunzi m'thumba. "Onani nyumba yeniyeni, njerwa zootcha. Ndinamanga ndi manja angawa ku Dedza, boma litasintha."

"Yokongola," anatero Stephanie. "Ndi yanu?"

"Nanga n'kukhala ya ndani?"

Kamwa iyi! Mtsikanayo anamwetulira, n'kulemba.

Zoona zake, nyumbayo anaimanga kuchikamwini, kwawo kwa akazi awo, malemu Winfrida. Maliro atatha, achibale a malemuwo anawasudzula, n'kuwapatsa sutikesi yawo. Mlamu wawo Roy ndiye amagonamo, chipinda china amasungiramo fetereza. Koma bambo wa imvi angauze bwanji mwana wa eni kuti anapirikitsidwa pa nyumba yomanga yekha?

Patapita sabata ziwiri kalata inafika. Wokhala ndi nyumba kwina kulikonse, ngakhale kutsidya kwa nyanja, sayenera kulandira ya khonsolo. A Dzonzi anapita kukafotokoza za chikamwini. Stephanie anamvetsera ndi ulemu womwe uja, ndipo anati abweretse pepala losonyeza kuti nyumbayo si yawo, Lachisanu lisanadutse. Koma kusudzula kuli ndi pepala ngati?

Anaimbira Roy, munthu amene sanalankhule naye zaka zisanu ndi ziwiri.

"Alamu, ndithandizeni. Mundilembere kalata ku council kuno kuti nyumba ija si yanga."

Roy anaseka mpaka kutsokomola. "Zaka zonse zija munkatiopseza ndi khoti, lero mwavomera? Dikirani ndiitane anthu. Foni ndaika pa sipika, bwerezani bwinobwino."

Zinawawa, koma a Dzonzi anabwereza kawiri, banja lonse la akazi awo likumva, wina akululutira chapatali.

Kalatayo sinabwere. Lolemba a khonsolo makiyi anapatsa munthu wina.